Mkanda Wofiira ndi Ng'anjo za ku Murano

 Nkhani yathu ya lero iyambira pa kanthu kakang'ono kamene ambiri a inu munakaonapo m'kathumba ka agogo anu aakazi, kapena munakatola polima pa bwinja lakalekale. Ndikunena mkanda uja wofiira kunja koma woyera m'kati. Mukauyang'anitsitsa pabowo pake mudzaona kuti kufiirako n'kwapamwamba pokha, ngati khungu la mtedza, pamene mtima wake uli mbee.

Pamene zolemba zomaliza za David Livingstone zinasindikizidwa m'chaka cha 1874, mkonzi wake, Horace Waller, amene anakhalapo ku Magomero m'masiku a Bishopu Mackenzie, anawonjezamo mawu ake ofotokoza za mikanda imene inkayenda ngati ndalama m'maiko athu ano. Amene anamulongosolera maina a mikandayo anali Susi ndi Chuma, amuna aja anatsogolera ulendo wonyamula mtembo wa Livingstone mpaka kugombe la nyanja yamchere. Iwo anamuuza kuti Ayao ankakonda timikanda tating'onoting'ono tonga njere za mpiru, ndi kuti mtundu wina wofiirira ankautcha dzina lotanthauza masese a mowa. Koma mkanda wofiira wa mtima woyerawu unkalandiridwa paliponse. Aswahili ankautcha samisami, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja yathu ankautcha dzina lotanthauza magazi. Waller ananenanso kuti, kupatula mitundu yowerengeka, mikanda yonseyi inkapangidwa mumzinda umodzi wa ku Ulaya. Mzindawo ndi Venice, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Italy. Lero tiulondola mkandawu mpaka pakamwa pa ng'anjo imene unabadwira.

Venice suli m'mbali mwa madzi monga alili matauni a kunyanja, ayi. Uli m'madzi mwenimwenimo, pa tizilumba toposa 100 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, m'kati mwa thamanda lalikulu la madzi amchere limene mitumbira yaitali ya mchenga inalitchinga ku nyanja ya Adriatic. Misewu yake ikuluikulu ndi ngalande. Galimoto imathera pakhomo pa mzinda, pamene umathera mlatho umene unatsegulidwa m'chaka cha 1933, ndipo kuyambira pamenepo munthu ayenera kuyenda pansi kapena kukwera boti. Dokotala, wapolisi, wozimitsa moto, wotola zinyalala, ngakhale maliro amene, onse amayenda pamadzi.

Nanga munthu wanzeru zake angasiyirenji mtunda wouma n'kukamanga m'matope? Chinawathamangitsira kumeneko ndi nkhondo. Ufumu wa Aroma utayamba kugwa, magulu ankhondo ochokera kumpoto ndi kum'mawa anasefukira m'dziko la Italy. Attila anawononga mzinda wa Aquileia m'chaka cha 452, ndipo m'chaka cha 568 kunafika mtundu wina wotchedwa Lombard. Anthu a kumtunda anathawira m'mabango, kumene akavalo a adani sakanatha kuponda, nakakhala pakati pa asodzi ndi opanga mchere. Chimodzi mwa zilumba zoyamba kutukuka chinali Torcello, kumene tchalitchi chachikulu chinakhazikitsidwa m'chaka cha 639. Pachilumbachi pankakhala anthu zikwizikwi, koma ngalande zake zitadzala matope, udzudzu unaswana, malungo anakula, ndipo anthu anasamuka atapasula nyumba zawo ndi kunyamula miyala yomwe. Lero okhalapo sakwana ngakhale makumi awiri. Liwu lakuti malaria limene timalimva kuchipatala ndi la Chitaliyana, ndipo limatanthauza mpweya woipa, pakuti iwo ankayesa kuti nthendayi imachokera ku fungo la madambo.

Kuti nyumba yamiyala iime pathope, amisiri ankakhoma mitengo yambirimbiri, yothithikana kuposa nsichi za nyumba, kuti ilimbitse nthaka. Pamwamba pake ankayala matabwa, kenaka miyala yoyera yosalowa madzi yochokera ku Istria kutsidya kwa nyanja, ndipo pamiyalapo m'pamene ankayambira njerwa. Mtengo umaola ukamakumana ndi mpweya, koma womira m'thope umatha zaka mazanamazana uli gwa. Mzinda wonse wokongolawu wakhala pa nkhalango yokwiriridwa.

Kwa zaka pafupifupi 1,000 Venice linali dziko lodzilamulira lokha, lopanda ufumu wa m'magazi. Mtsogoleri wake, wotchedwa Doge, ankachita kusankhidwa ndi mabanja a olemekezeka, amenenso ankamulonda usana ndi usiku kuti asakule mphamvu. Chuma chawo chinali m'ngalawa: mchere, tsabola, silika, thonje, mitengo, ngakhalenso akapolo. M'chaka cha 828 amalonda awiri anaba ku Alexandria, m'dziko la Egypt, mafupa amene ankakhulupirira kuti ndi a Marko Woyera, mlembi wa Uthenga Wabwino, ndipo nkhani yake imati anawabisa pansi pa nyama ya nkhumba kuti alonda a padoko, amene anali Asilamu, asapise m'dengumo. Tchalitchi cha San Marco chinamangidwa kuti chisunge mafupawo. M'chaka cha 1204 ngalawa za Venice zinanyamula ankhondo amene anafunkha Constantinople, mzinda wa Akhristu anzawo, ndipo akavalo anayi amkuwa amene amasungidwa m'tchalitchi chomwecho ndi ena mwa katundu wofunkhidwayo. Ndanena zimenezi kuti tidziwiretu mtundu wa anthu amene tikuwachezerawa. Anali amalonda choyamba, zina zonse pambuyo.

Alendo ambiri akangofika amathamangira ku bwalo la San Marco ndi ku mlatho wa Rialto, kumene anthu amachita kupondana zidendene. Ife tisapite kumeneko. Tikhotere kumpoto, ku dera lotchedwa Cannaregio, kumene tinjira tina n'topapatiza kotero kuti munthu atatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Kuno zovala zimayanikidwa pa zingwe zomangidwa kuchokera pa zenera lina kufika pa zenera la tsidya lina la ngalande, ndipo popeza kulibe galimoto, chimene khutu limamva ndi mapazi a anthu, belu la tchalitchi ndi madzi akunyambita khoma. Pakati pa mabwalo ambiri pali chitsime chamwala chovundikiridwa ndi chitsulo. Si chitsime chokumba kufuna madzi a pansi, pakuti pansipo pali madzi amchere okhaokha. Ankakumba dzenje lalikulu pansi pa bwalo lonse, kulimata ndi dongo ndi kulidzaza mchenga. Madzi a mvula ankalowa pa timabowo ta m'bwalomo, n'kusefedwa ndi mchenga uja asanafike m'chitsime cha pakati. Anthu okhala pakati pa madzi ankatunga madzi akumwa mochita kuyeza, mpaka pamene mipope yochokera kumtunda inafika m'chaka cha 1884.

M'dera lomweli muli kachilumba ka nyumba zazitali kuposa zinzake, ka mazenera othinana. M'chaka cha 1516 boma linalamula kuti Ayuda onse a mumzindawu azikhala pamenepa, ndipo zipata zinkatsekedwa usiku, alonda ake n'kumalipidwa ndi Ayuda omwewo. Popeza sankaloledwa kufutukula malo, ankangosanjikiza nyumba pamwamba pa inzake. Pamalopa kale pankasungunulidwa zitsulo, ndipo dzina lake lakuti Ghetto ndilo linafalikira pa dziko lonse kutanthauza malo otsekeramo anthu osafunidwa. Zipatazo zinagwetsedwa m'chaka cha 1797, koma m'zaka za 1943 ndi 1944 Ayuda oposa 200 anatengedwa mumzinda uno kupita ku misasa yophera anthu, ndipo anabwerako ndi asanu ndi atatu okha. Lero pabwaloli pamasewera ana.

Tikayenda pang'ono tifika pa gombe lalitali lotchedwa Fondamente Nove, pamene tikwere boti lonyamula anthu. Chilumba choyamba chimene tichidutse, chozingidwa ndi khoma la njerwa zofiira, ndi San Michele, manda a mzindawu. Malo ndi ochepa, kotero ambiri amagona m'nthaka zaka khumi kapena kupitirira pang'ono, kenaka mafupa awo amafukulidwa ndi kusungidwa m'timabokosi kuti ena apeze pogona. Kwa ife amene timalowa kumanda ndi mantha zimenezi n'zoimitsa tsitsi, koma eni ake anazizolowera. Patangopita mphindi zochepa boti likocheza pa Murano, tizilumba tisanu ndi tiwiri tolumikizana, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka kuchokera ku Venice.

Amisiri a galasi anali kale ndi bungwe lawo ndi malamulo olembedwa m'chaka cha 1271. Patapita zaka makumi awiri, mu 1291, boma linalamula kuti ng'anjo zikuluzikulu zichoke mumzinda zipite ku Murano. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali moto, pakuti nyumba zambiri nthawi imeneyo zinali zamatabwa ndipo ng'anjo zinkayaka usana ndi usiku. Koma lamuloli linabala chinthu china chimene olamulira sanadandaule nacho. Amisiri onse anasonkhana malo amodzi, kumene ankaonerana ndi kupikisana luso, ndiponso kumene boma likanatha kuwawerenga ndi kudziwa amene wasowa.

Galasi ndi mchenga wosungunuka. Koma mchenga paokha sungasungunuke pa moto wa nkhuni. Umafuna chinthu china choufewetsa. Inu amayi amene mumatcheza chidulo kuchokera ku phulusa kuti ndiwo zifewe, mukudziwa kale chinsinsi choyamba cha ku Murano. Amalonda ankabwera ndi phulusa la zitsamba zomera m'malo amchere ku Syria ndi ku Egypt, ndipo boma linkaletsa kuligulitsa kwa amisiri a maiko ena. M'malo mwa mchenga wamba, umene umadetsa galasi, ankatola nsangalabwi zoyera m'mitsinje ya kumtunda monga Ticino, kuziwotcha, kuziponya m'madzi ozizira kuti zing'ambike, ndi kuzipera mpaka zisanduke ufa. Cha m'ma 1450 mmisiri wina dzina lake Angelo Barovier anatchuka ndi njira yoyeretsera phulusa lija: kuliwiritsa m'madzi, kulisefa, ndi kuphwetsa madziwo mpaka patsale mchere woyera. Poonjezamo pang'ono mwala wotchedwa manganese, umene umachotsa kubiriwira, anapeza galasi loyera ngati madzi a pakasupe. Analitcha cristallo. Kufikira nthawi imeneyo magalasi ambiri a ku Ulaya anali obiriwira kapena otuwa, ndipo mafumu anayamba kulimbirana zikho za ku Murano zopepuka ngati chikamba cha dzira.

Tsono tiyeni tilowe m'nyumba ya ng'anjo. Ndikulangizani kuti mukadzafikako mudzapewe anyamata amene amaitanira alendo ulendo waulere wa paboti, pakuti ulendo wotero umathera m'sitolo momwe wogulitsa sakusiyani mpaka mutapisa m'thumba. Mudzapite m'mawa, ku nyumba zing'onozing'ono za kuseri kwa ngalande, kumene anthu akugwira ntchito yeniyeni ya tsikulo.

Chimene chimayamba kukulandirani ndi kutentha, kenaka mkokomo wa moto wosalekeza. Pakamwa pa ng'anjo sipayang'anika. M'katimo muli mphika waukulu wadothi wodzaza galasi losungunuka, lotentha madigiri oposa 1,000, lonanda ngati uchi. Amuna amagwira ntchito m'kagulu, aliyense ndi udindo wake: mmisiri wamkulu amene amamutcha maestro, womuthandiza wake woyamba, wachiwiri, ndi mnyamata wophunzira amene amasesa ndi kutumidwa. Wothandiza amapisa mpope wachitsulo wautali pafupifupi mita imodzi ndi theka mumphika muja, naupotoza, natulutsa kunsonga kwake chibuma chowala ngati dzuwa likamalowa. Kuyambira pamenepo mpopewo suleka kuzungulira. Akangouimitsa kamphindi, galasi limalendewera n'kugwa pansi. Amaligubuduza pa tebulo lachitsulo, nauzira mpweya pang'ono chabe, ndipo m'kati mwa chibumacho mumabadwa thovu limene limakula.

Maestro amakhala pa benchi la mikono iwiri yaitali. Amagoneka mpope pamikonopo, dzanja lamanzere likuugubuduza uku ndi uku, lamanja likugwira chopanira chachitsulo. Zida zake n'zochepa ndipo sizinasinthe kwenikweni pa zaka mazana asanu: chopanira, sizasi, chithabwa chonyowa. Amafinya apa kuti pakhale khosi, amakoka apo kuti pakhale mwendo. Galasi likayamba kuuma amalibwezera pamoto, ndipo nthawi imene ali nayo lisanaumenso imawerengedwa m'masekondi. N'chifukwa chake m'nyumbamo mulibe macheza. Wothandiza amafika ndi kachibuma kena ka chogwirira pa mphindi yeniyeni imene kakufunika, osaitanidwa, monga amachitira oimba ng'oma amene akhala limodzi zaka zambiri. Chinthucho chikatha sachiika pamphepo, pakuti chikazizira msanga chimaphulika. Amachilowetsa mu uvuni wina momwe chimazizira pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo zinthu zikuluzikulu zimatha masiku.

Mitundu imachokera ku zitsulo. Cobalt amapereka kubiriwira kwa thambo, mkuwa kubiriwira kwa msipu kapena kwa madzi akuya, ndipo kufiira kowala konga magazi kumachokera ku golide weniweni. Miyeso yake mabanja ankailemba m'timabuku tobisika, bambo n'kusiyira mwana wake. Alendo amaomba m'manja mmisiri akawapangira kavalo wagalasi m'mphindi ziwiri, ndipo n'zoona kuti n'zodabwitsa, koma kwa mmisiriyo kavaloyo ndi masewera. Luso lake lenileni mudzalione pa chikho chimene m'khoma lake muli timizere toyera topingasana ngati ukonde, kathovu kamodzi kali m'diso lililonse la ukondewo. Njira yoika timizere m'galasi inalembetsedwa ku boma m'chaka cha 1527, ndipo kufikira lero si mmisiri aliyense amene amaitha.

Boma la Venice linkawalemekeza anthu amenewa, koma ulemu wake unali ngati wa mbalame ya m'chikwere. Mwana wamkazi wa maestro ankatha kukwatiwa ndi mwana wa olemekezeka popanda ana awo kutaya ulemu wa banja, chinthu chimene mmisiri wa ntchito zina sakanachilota. Koma kuyambira m'chaka cha 1295 kunali koletsedwa kuti mmisiri akagwire ntchito kunja, ndipo m'kupita kwa zaka zilango zinakula: chindapusa, kulandidwa katundu, ndende, kupalasa ngalawa za boma, ndi kuvutitsidwa kwa abale otsala. Komabe ankathawa. Ku Antwerp, ku France ndi ku Germany kunabuka ng'anjo zopanga magalasi monga a ku Venice. Giacomo Verzelini anakhazikika ku London nalandira chilolezo kwa Mfumukazi Elizabeth Yoyamba. Ndipo m'chaka cha 1612 wansembe wina wa ku Florence, Antonio Neri, anasindikiza buku lofotokoza kasakanizidwe ka galasi, kotero kuti zimene mabanja ankanong'onezana zinayamba kugulidwa pamsika.

Mkangano woopsa koposa unali wa kalilole. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500 amisiri a ku Murano ankapanga akalilole osalala, omatidwa kumbuyo ndi chitsulo cha tin chosakaniza ndi mercury, ndipo kalilole wamkulu mmodzi ankagulidwa mtengo woti munthu akanagula nawo munda. Ndalama za olemera a ku France zinkathera ku Venice. Jean-Baptiste Colbert, nduna ya za chuma ya Mfumu Louis XIV, anatsimikiza zothetsa zimenezi. M'chaka cha 1665 anatsegula fakitale ya akalilole ku Paris, ndipo kudzera mwa kazembe wa France ku Venice anakopa amisiri angapo ndi malipiro aakulu, nawazembetsa. Akazembe a Venice ku Paris anawalondola, akuwanyengerera ndi kuwaopseza. Kuchiyambi kwa chaka cha 1667 awiri mwa amisiriwo anamwalira motsatizana, mmodzi mwadzidzidzi, ndipo mu Paris munamveka manong'onong'o akuti adyetsedwa chiphe. Otsalawo anachita mantha nabwerera kwawo. Koma madzi akatayika saoleka. Afalansa anali ataphunzira kale, ndipo pamene chipinda chotchuka cha m'nyumba yachifumu ya Versailles chinatsirizidwa m'chaka cha 1684, akalilole ake 357 anali opangidwa ku France. Fakitale ya Colbert ija ndiyo kholo la kampani ya Saint-Gobain.

Mavuto sanabwere amodzi. Ku England George Ravenscroft, amene anachitapo malonda ku Venice, analembetsa m'chaka cha 1674 galasi lolemera ndi lonyezimira limene pambuyo pake linadziwika ndi mtovu wothiramo, ndipo ku Bohemia anapeza galasi lolimba lotheka kuzokota. Anthu ogula anatembenukira kumeneko. M'mwezi wa May 1797 Doge womaliza, Ludovico Manin, anatula pansi udindo ankhondo a Napoleon ali pakhomo. Mabungwe a amisiri anathetsedwa m'zaka zotsatira, ndipo pamene Venice inali pansi pa ulamuliro wa Austria, mpaka 1866, misonkho inkakondera magalasi a ku Bohemia. Ng'anjo zambiri zinazima. Chimene chinasunga moto ku Murano m'zaka zowawazo sichinali chikho cha mafumu ayi, koma mkanda.

Kapangidwe kake n'kotere. Mmisiri amatenga chibuma cha galasi, naboola dzenje pakati pake. Ngati akufuna mkanda wathu uja, chibumacho chimakhala choyera, ndipo amachiviika m'galasi lofiira kuti livale pamwamba. Mnzake amamata chitsulo china kumapeto kwake, ndipo awiriwo amayamba kutalikirana, akukoka, m'khonde lalitali lomangidwira ntchito imeneyi. Galasi limatanuka mpaka mamita makumimakumi, n'kusanduka kabango kowonda, koma dzenje lija silitsekeka, ndipo mitundu ija imakhalabe m'malo mwake. Kabangoko kakazizira amakaduladula tizidutswa, natisakaniza ndi phulusa la makala ndi laimu kuti mabowo asatsekeke, natizunguza pamoto mu mgolo wachitsulo pamodzi ndi mchenga mpaka m'mphepete mwake mutasalala. Apa tamvetsa chifukwa chake mtima wa mkandawu uli woyera: galasi lofiira linali lodula chifukwa cha golide, kotero ankangolipaka pamwamba, ndipo kuyera kwa m'kati kunkachititsa kuti kufiirako kuwale. Mkanda wina wotchuka, wa mizere yonga nyenyezi ukauyang'ana kumapeto, mbiri imati anauyambitsa ndi mayi, Marietta Barovier, mwana wa Angelo uja, kumapeto kwa zaka za m'ma 1400.

Mikanda ikatuluka m'fakitale inkapita kwa amayi osauka a m'madera a Castello ndi Cannaregio, m'tinjira tomwe tija tadutsamo. Ankakhala pakhomo m'magulu, thireyi yathabwa yodzaza mikanda ili pamiyendo, m'dzanja atagwira masingano aatali ambirimbiri otambasuka ngati chipepeso. Ankapisa masinganowo m'mikanda mobwerezabwereza mpaka adzaze, kenaka n'kutsitsira mikandayo pa ulusi. Ankalipidwa pa mtolo, ndipo malipiro ake anali ochepa zedi. Amayi amenewa, amene ambiri a iwo sanatulukepo m'thamanda lawo, ndiwo anatunga mikanda imene inadzavalidwa ku Mangochi ndi ku Nkhotakota.

Tisaganize kuti Venice ndiyo inatiphunzitsa mikanda. Zaka mazana ambiri Azungu asanafike, mikanda yagalasi yochokera ku Asia inkalowa kale kudzera m'madoko a nyanja ya India, ndipo pa Mankhamba, likulu lakale la Amaravi, ofukula zakale anapeza mikanda yagalasi pamodzi ndi mapale a mbale za ku China. Chimene chinasintha m'zaka za m'ma 1800 ndi kuchuluka kwake. Migolo ya mikanda ya ku Venice inkatsitsidwa ku Zanzibar, ku Kilwa ndi m'madoko a Mozambique, ndipo kuchokera kumeneko inkayenda pamitu ya amtengatenga, pamodzi ndi nsalu za merikani ndi kaniki, mawaya amkuwa, mfuti ndi wonga, mpaka kwa Mataka, kwa Makanjira, kwa Mponda ndi kwa Jumbe.

Pali nkhani imene imakambidwa kawirikawiri yakuti makolo athu ankapusitsidwa ndi tinthu tachabechabe tonyezimira. Ine sindiivomereza. Waller yemweyo anachenjeza apaulendo kuti munthu wobwera ndi mtundu wa mikanda umene anthu a dera limenelo sakuufuna adzapezeka ali ndi katundu wosagula kanthu. Ogula ndiwo ankalamula, ndipo amisiri a ku Murano ankasintha mitundu ndi misinkhu potsata zofuna za amayi amene sanawaonepo. Mkanda sunkaola, sunkadyedwa ndi chiswe, unkagawika mosavuta, ndipo kuno kunalibe woupanga. Ndalama yabwino imafuna zomwezo. Koma palinso china chimene sitiyenera kuchilambalala. Maulendo amene ankabwera ndi mikanda sankabwerera chimanjamanja. Ankabwerera ndi minyanga ya njovu, ndiponso ndi anthu omangidwa m'magoli. Nsalu ndi mfuti ndizo zinali ndi mphamvu yaikulu pa malonda oipawo, koma mkanda unali m'katundu yemweyo, ndipo unkagula ufa umene unkadyetsa ulendo wonse panjira. Moto umene sunazime ku Murano unasonkhezeredwa, mwa zina, ndi midzi imene inapsa kuno.

Luso la zikho ndi nyale linadzukanso pakati pa zaka zomwezo. Antonio Salviati, loya amene anakopeka ndi galasi, anatsegula kampani yake m'chaka cha 1859, ndipo m'chaka cha 1861 wansembe Vincenzo Zanetti anathandiza kukhazikitsa nyumba yosungiramo magalasi akale, kuti amisiri achinyamata aone ndi maso zimene agogo awo ankapanga ndi kuyesa kuzibwereza. Nyumbayo ilipo mpaka lero. M'chaka cha 1921 loya winanso, Paolo Venini wa ku Milan, anayamba ntchito imene inadzagwirizanitsa amisiri a ng'anjo ndi akatswiri ojambula. Koma timikanda tating'ono tija tinagonja kwa opanga a maiko ena otsika mtengo. Fakitale yaikulu imene makampani a mikanda anapanga pogwirizana m'chaka cha 1898 inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Otsala ndi amisiri owerengeka amene amaumba mkanda umodziumodzi pa lawi la nyale, ndipo luso lawo linalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2020 pa mndandanda wa chuma cha anthu onse.

Mzinda weniweniwo uli pa nkhondo ndi madzi amene kale ankauteteza. Pa 4 November 1966 madzi anakwera masentimita 194 kupitirira muyeso wake, ndipo pa 12 November 2019 anafika 187, nalowa m'tchalitchi cha San Marco ndi m'nyumba zosawerengeka. Zitseko zikuluzikulu 78 zimene zinamangidwa pansi pa madzi pa makomo atatu a thamandalo zinadzutsidwa koyamba kutchinga chigumula mu October 2020. Koma zitseko sizitchinga anthu kusamuka. M'chaka cha 1951 mumzinda wakalewu munkakhala anthu pafupifupi 175,000; m'chaka cha 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 50,000, pakuti nyumba zambiri zinasanduka zogona alendo. M'masitolo ambiri mwadzaza magalasi otchipa ochokera kunja amene mlendo amagula akuyesa ndi a ku Murano, ngakhale kuti lamulo la m'chaka cha 1994 linakhazikitsa chizindikiro chosiyanitsa enieni. Ndipo pamene mtengo wa gasi unakwera koopsa m'zaka za 2021 ndi 2022, eni ng'anjo ambiri anazimitsa moto kwa miyezi. Chimenecho si chinthu chapafupi, pakuti ng'anjo ikazizira mphika wa m'kati umang'ambika, ndipo kuiyatsanso mpaka ifike pa kutentha koyenera kumatenga masiku ambiri.

Ntchito ya m'nyumba ya ng'anjo imayamba m'bandakucha ndipo imaweruka dzuwa likapendeka. Maestro akapita kwawo, alendo atakwera maboti awo kubwerera ku Venice, kumabwera munthu wina amene alendowo samuona. Iye amayeza mchenga, soda ndi zitsulo za mitundu monga mwa kabuku ka nyumbayo, nathira mumphika ndi fosholo pang'onopang'ono, nakweza moto mpaka madigiri pafupifupi 1,400. Amakhala pamenepo usiku, akudikira kuti thovu lonse lituluke, kenaka amatsitsa moto kuti pofika m'mawa galasi likhale litananda moti n'kugwira kunsonga kwa mpope.